Mphindi 6 zomwe zimaonetsa ngati wodwala mapapo akupezako bwino

M'matauni a migodi a chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, monga Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane, muli mabanja ambiri omwe makolo awo adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzakumba golide, chrome ndi asibesitosi. Ntchito pa mgodi wa Shabanie idalowa pansi kalekale, koma fumbi lomwe anthu adapuma likadali m'zifuwa zawo.

Vutoli silikukhudza akuluakulu okha. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2022 adapeza kuti mwa anthu 3,950 okumba m'migodi ing'onoing'ono omwe adayezedwa m'dzikoli, 19 pa 100 aliwonse anali ndi silicosis, nthenda yobwera ndi fumbi la miyala.

Fumbi ndi chifuwa chachikulu zimasiya zipsera m'mapapo. Zikatero, njira za magazi m'mapapomo zimapanikizika, ndipo mbali ya kumanja ya mtima imapopa movutikira mpaka kutopa. Madokotala amati pulmonary hypertension. Wodwala amamva befu, amachita chizungulire ndipo miyendo imatupa. Makina oyezera BP pamkono saonetsa nthendayi. Pamafunika kuunika mtima kuchipatala.

Kale odwala otere ankauzidwa kuti azingokhala. Koma mu 2006, akatswiri a ku Heidelberg, Germany, adaonetsa kuti odwala omwe adachita masewera olimbitsa thupi moyang'aniridwa kwa milungu 15 adaonjezera mamita 96 pa mtunda womwe ankatha kuyenda. Komabe ambiri mwa iwo sanali odwala fumbi la m'migodi, choncho nkofunika kuti kwathu kuno tiziyeza tokha.

Muyeso wodziwika kwambiri ndi wosaboola m'thumba. Pamafunika malo athyathyathya otalika mamita 30, wotchi, mpando ndi kaundula. Wodwala amayenda uku ndi uku kwa mphindi 6 pa liwiro lomwe angakwanitse, ndipo amaloledwa kupumula. Woyeza amalemba mtunda, kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa mpweya wabwino m'magazi, pogwiritsa ntchito kachipangizo kopanira chala. Kenaka wodwala amanena kukula kwa befu lake kuyambira 0 mpaka 10. Ngati patapita miyezi mtunda wakula ndi mamita oposa 30, ndiye kuti kusinthako nkwenikweni.

Mtunda wokha sunena zonse. Bungwe la WHO lili ndi magawo anayi: loyamba ndi la amene amagwira ntchito zawo popanda vuto, lachinayi ndi la omva befu ngakhale atakhala pansi. Funsaninso za tsiku ndi tsiku. Kodi bambo akutha kupalira mizere ingati? Akufika kudibi la ng'ombe osaima panjira? Akusamba okha?

Alangizi a zaumoyo m'midzi, yezani pamalo omwewo ndi nthawi yofanana, kuti manambala athe kufanizidwa. Musayambitse masewera dokotala asanavomereze, ndipo wodwala akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imitsani pomwepo. Mtunda ukamatsika kapena kutupa kukamakula, mutumizeni kuchipatala msanga. Amene adagwirapo ntchito pa mgodi wolembetsedwa akafunse ku NSSA za chipukuta misozi, atatenga zikalata zawo zonse za kuchipatala ndi za kuntchito.