Kodi mumadziwa kuti tsabola amachepetsa ululu?

Mankhwala ena opaka pochepetsa ululu wa nyamakazi amachokera ku tsabola yemwe timathira m'ndiwo.

Chimene chimawawitsa tsabola ndi capsaicin. Akangofika pakhungu, mitsempha yomva kupweteka imatulutsa substance P, kanthu kothandiza kuti uthenga wa ululu ukafike ku ubongo. N'chifukwa chake pamalopo pamayamba patentha ndi kufiira.

Munthu akamapaka tsiku ndi tsiku, substance P amachepa m'mitsemphamo, nayonso imasiya kumva msanga, ululu n'kuzizira.

Substance P anapezeka mu 1931. Anamutulukira ndi Ulf von Euler ndi John Gaddum ku London, pofufuza ubongo ndi matumbo a hatchi.