Kodi mumadziwa? Loboti yothandiza ana kupereka moni

Mu 2005, akatswiri a pa University of Hertfordshire ku England anapanga loboti yotchedwa Kaspar. Ndi yaing'ono ngati mwana, ndipo imathandiza ana omwe ali ndi autism kuzolowera kucheza ndi anthu. Mphamvu yake yagona pa kusasinthasintha: mawu ndi omwewo, kumwetulira n'komweko, ndipo mwana akalakwitsa siipsa mtima. Nkhope ya munthu imachita zambiri nthawi imodzi, zomwe zimamubalalitsa mwana wotere.

Wina anganene kuti kuno ku Zengeza 1, ku Chitungwiza, komwe magetsi amathimathima, loboti ndi maloto chabe. Komanso moni wa kuno ngwapadera: kuwomba m'manja, "Mangwanani" kwa neba Mshona, "Mwadzuka bwanji" kwa agogo ochokera ku Malawi. Zonsezi n'zoona. Koma Kaspar sigwira ntchito yokha, pamakhala munthu wamkulu woiyendetsa, ndipo cholinga n'chakuti mwanayo adzalonjere anthu, osati makina. Njira yakeyo ingatheke pakhonde pomwepo: mawu amodzi, nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, mosakalipa. Makolo, mwana akapanda kuyankha moni musathamangire kunena kuti ngwamwano.