Bambo akafooka kuchipinda atachitidwa opaleshoni ya prostate

Nkhani iyi abambo ambiri amangofa nayo mumtima. Mwamuna akachitidwa opaleshoni ya khansa ya prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, kawirikawiri mphamvu za kuchipinda zimachepa ndipo mkodzo umadontha. Sikulodzedwa ayi. Mitsempha yodzutsa umuna imadutsa m'mbali mwa kachiwaloka, ndiye imavulala. Kuchira kwake kumatenga miyezi, ena mpaka zaka ziwiri.

Bambo, musathamangire gondolosi. Achipatala akakuchotsani kapaipi ka mkodzo, yambani masewero a Kegel, amene Dr Arnold Kegel adawafalitsa mu 1948. Finyani minofu ya kunsi ngati mukudziletsa kuphwisa pagulu, werengani mpaka 5, kenaka masulani. Chitani ka 10, katatu patsiku, osaumitsa mimba kapena matako. Amayamba n'kuthandiza mkodzo, zakuchipinda zimatsatira pang'onopang'ono. Muziyendanso ndawala mphindi 30, monga inu a ku Chigumula mumtunda wopita ku Limbe.

Mayi, musamutonze mwamuna wanu kapena kumuganizira chibwenzi. Pakatha miyezi itatu osasintha, pitani limodzi ku Gulupu mukafotokoze mosabisa. Mankhwala othandiza alipo, koma akulembereni ndi adokotala.