Inki yakuda yofiirira

Inki yakuda yofiirira ndi inki imene imaoneka yakuda ukayiyang'ana patali, koma imaonetsa kufiira pamene yalowa pang'ono papepala kapena pamene yafikisika ndi chala. Imagwiritsidwa ntchito m'zolembera zothira inki, zija zimakhala ndi nsonga yachitsulo ndi kathanki m'kati. Ena amagula yopangidwa kale, ena amasakaniza okha yakuda ndi yofiira. Vuto lake lalikulu ndi lakuti kufiirako sikukhalitsa ngati kudako.

Kumene kufiira kumachokera

Inki ya zolembera zimenezi ndi madzi osungunuliramo utoto. Ma inki ambiri akuda sakhala ndi utoto umodzi. Opanga amasakaniza wabuluu, wofiira ndi wachikasu mpaka zonse pamodzi zioneke zakuda, ndipo mtundu umene wachulukirapo ndi umene umaonekera pansi pa kudako. Nchifukwa chake inki ina yakuda imapendekera ku buluu, ina ku mtundu wa masamba, ina ku kufiira.

Ophunzira a sekondale amaziona zimenezi akamaphunzira chromatography. Amadontheza inki pafupi ndi m'munsi mwa pepala losefera, nkuviika nsonga ya pepalalo m'madzi osalola kuti dontholo limire. Madzi akamakwera amanyamula utoto uliwonse pa liwiro lake, ndipo dontho lakuda lija limagawika m'mizere yamitundumitundu. Iyi ndi njira yotchipa yodziwira ngati botolo la inki lili ndi kufiira m'kati.

Kufiira kwa m'kati kumeneku nkosiyana ndi kunyezimira kofiira kumene kumaoneka pamwamba pa ma inki ena ukapendeketsa pepala padzuwa. Kunyezimirako kumafuna pepala losamwa inki. Pamakope wamba a kusukulu sikuoneka kawirikawiri.

Inki ya Livingstone m'mbali mwa nyanja

Inki yakale yolembera makalata ku Ulaya inkapangidwa ndi tannin, mankhwala opezeka m'makungwa a mitengo ndi m'masamba a tiyi, pomusakaniza ndi mchere wa chitsulo. Inkiyi imaoneka yotuwa polemba, imada ikakhudzana ndi mpweya, ndipo pakapita zaka zambiri imasanduka yofiirira ngati dzimbiri. Makalata ambiri akale amene lero amaoneka ofiirira analembedwa akuda.

Mu Ogasiti 1866 David Livingstone anali kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, pafupi ndi pamene mtsinje wa Misinje umathira m'nyanja. Ankafuna chombo chomuwolotsa, koma amalonda a akapolo amene anali ndi zombo ankamuthawa. Ali kumeneko analemba m'buku lake la ulendo kuti anapanga inki ndi madzi a zipatso za chomera china choyanga. Madziwo anali ofiira ngati vinyo, koma atathiramo pang'ono mankhwala okhala ndi chitsulo inkiyo inatuluka yabuluu. Chombo atachilephera, anazungulira nyanja cha kumwera, ndipo mu Seputembala anafika kwa mfumu Mponda, kufupi ndi pamene pali tauni ya Mangochi lero.

Nkhaniyi ikuonetsa chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Madzi ofiira a chomera akakumana ndi chitsulo sakhalanso ofiira, amapita ku buluu kapena ku kuda. Chitsulo chimene chimathandiza inki kukhalitsa ndi chomwenso chimachotsa kufiira.

Patapita zaka zisanu, mu 1871, Livingstone anali ku Nyangwe m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero ndi Democratic Republic of Congo. Mapepala ndi inki zitamuthera, analemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ya The Standard ya ku London ndi inki yofiira ya njere za chomera chotchedwa zingifure. M'masamba amenewo ndi mmene analembamo za kuphedwa kwa anthu ambirimbiri pamsika wa Nyangwe pa 15 Julaye 1871. Inkiyo inasuluka mpaka zolembazo zinasiya kuwerengeka, pomwe zilembo zakuda za nyuzipepala zinatsala zooneka bwino. Zinawerengekanso mu 2011, akatswiri otsogoleredwa ndi Adrian Wisnicki atazijambula ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana. Masamba ambiri a bukulo amasungidwa ku Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa Livingstone.

Kasakanizidwe kake

Pali ma inki opangidwa kale monga Noodler's Red-Black ndi Platinum Classic Cassis Black, koma m'masitolo a ku Mangochi, kumene bolopeni ndiye cholembera cha aliyense, si zinthu zoyembekezera kuzipeza. Chapafupi ndi kupeza botolo la inki yakuda ndi la yofiira, onse a kampani imodzi ndi a gulu limodzi, monga Pelikan 4001. Izi nzofunika chifukwa ma inki ena ali ndi asidi, ena ayi, ndipo akasakanizidwa utoto ukhoza kuundana.

Wosakaniza ayambe ndi yofiira, kenaka azidontheza yakuda pang'onopang'ono. Kuda kumameza kufiira mwamsanga, moti amene wayamba ndi yakuda amatha botolo lonse la yofiira asanaone kusintha. Angayambe ndi madontho 10 ofiira pa dontho limodzi lakuda m'kabotolo koyera, nkulemba mzere papepala limene azidzalembapo, kuudikira uume, nkuwonjezera dontho lina. Mtundu uweruzidwe inki itauma, chifukwa yonyowa imanamiza maso. Ndi bwino kulemba chiwerengero cha madontho, apo ayi mtundu umene wakondweretsa sudzapezekanso.

Inki yosakanizayo isathiridwe m'cholembera tsiku lomwelo. Ikhale m'kabotolo kotseka tsiku limodzi kapena awiri. Ngati pansi pakhazikika zinthu ngati masese, kapena yayamba kutanuka ngati therere, itayidwe.

Kutentha kwa kunyanja kumasinthanso mtundu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala madzi a inki amaphwa msanga m'cholembera chimene chasiyidwa chosatseka kapena padzuwa, utoto nkutsala wochuluka, ndipo inki imene inali yofiirira imatuluka yakuda bii. Madontho ochepa a madzi oyera amaibwezeretsa.

Zosayenera kuthira m'cholembera

Inki ya chidindo ndi ya makina osindikizira sizinapangidwire cholembera chothira inki. Inki ya mwaye ndi utomoni, yonga imene ana m'madera ambiri a Asilamu mu Africa amalembera pamatabwa pophunzira Kurani, ndi yabwino pa bango losongola loviika, koma tizidutswa take timatseka kanjira kopapatiza kamene inki imadutsa popita kunsonga. Chimodzimodzinso utomoni wa mlombwa. Ndi wofiira ngati magazi ndipo umakopa amene akufuna kupanga inki yake, koma umauma nkumata, ndipo popeza uli ndi tannin wambiri umada ukakhudzana ndi chitsulo.

Ntchito zake

Inkiyi imayenera makalata, zojambula ndi zolemba za munthu mwini. Pa mayeso siyabwino ngati kufiira kwachuluka, chifukwa aphunzitsi amachonga ndi chofiira. Pa zikalata zofunika kusungidwa zaka zambiri, monga mgwirizano wogulitsana malo, bwato kapena ukonde, inki ya utoto wokha ndi yoopsa: pepala likanyowa imasungunuka, likakhala padzuwa imasuluka. Zikalata zotere zimafuna inki ya tannin ndi chitsulo, yonga imene olemba maukwati ku England amagwiritsa ntchito, kapena bolopeni yakuda.