Nyali za Maungu ndi Mizukwa ya Nsaru pa Usiku wa Halloween

Pa 31 October caka ciri conse anthu a ku Ireland, Scotland ndi America amacita phwando lochedwa Halloween. Dzinali litanthauza madzulo otsatana ndi tsiku la Oyera Mtima Onse, limene Aklistu ambiri amalikumbukira pa 1 November. Kale lomwe anthu a ku Ireland anali ndi cikondwerero cochedwa Samhain pa nyengo yomweyi, potha masika, ndipo anali kukhulupira kuti usiku umenewo mizimu iyendayenda pakati pa amoyo. Masiku ano mantha aja anasanduka masewera, ndipo zoopsezazo eni nyumba amadzipangira okha.

Coyamba ndico nyali ya dzungu. A ku Ireland anali kusema nkhope pa muzu wobulungira wochedwa turnip, ndipo cifanizo ca nyali yotere cisungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ku Turlough Park, m'dera la Mayo. Pa njala yaikuru imene inayamba mu 1845, anthu ambirimbiri a dzikolo anaoloka nyanja kunka ku America. Kumeneko anapeza maungu, amene ali akuru ndi ofewa kusema koposa turnip.

Kapangidwe kace nkotere. Munthu adula civundikiro pamwamba pa dzungu, mpeni utapendekera m'kati, kuti civundikiroco cisagweremo. Akatero akokota nthanga ndi matumbo ace ndi supuni, najambula maso, mphuno ndi mano ndi khala, nazidula. Pa civundikiro aboola kabowo kotulukira utsi. Dzungu losemedwa silikhalitsa. Liyamba kufota ndi kuola patangopita masiku owerengeka. Cifukwa cace anzeru amasema dzulo lace la phwando.

Mzukwa upangidwa ndi nsaru yoyera yakutha. Akulunga mapepala ngati mpira, naufunditsa nsaruyo, namanga cingwe pakhosi, nalemba maso awiri akuda. Akaupacika pa mtengo ndi ulusi wosaoneka bwino, mphepo iugwedeza, ndipo mlendo ayesa kuti ulikuyenda wokha. Ena amaviika nsaru yopyapyala m'madzi a sitaci, naiyanika pa botolo lokhala ndi mikono ya waya. Ikauma acotsa botolo, ndipo nsaru iima yokha ciriri.

Pabwalo aimika miyala ya pamanda yabodza, yodulidwa ku makatoni ndi kupakidwa utoto wotuwa, nalembapo mau oseketsa. Zobvala zakale azidzaza udzu wouma, nakhazika cidoleco pampando pakhonde, monga cija coopseza mbalame m'munda. M'nyumba alenjeka mileme ya mapepala akuda, ndipo thonje lokokedwa likhala ngati ukonde wa kangaude. Ana obvala zinyau zamapepala amayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti, ndipo paphwando apikisana kugwira ndi mano maapulo oyandama m'beseni la madzi.

Tsono coopsa ceni-ceni pa usiku umenewu si mzukwa ai, koma moto. Udzu, thonje, mapepala ndi nsaru ziri zinthu zosacedwa kuyaka, ndipo mwana wobvala mkanjo wautali akapita pafupi ndi kandulo angathe kupsa koopsa. Motero ozimitsa moto a m'maiko amenewo amalangiza kuti m'dzungu muziikidwa kanyali ka batire m'malo mwa kandulo. Ngati kandulo ligwiritsidwa nchito, dzungulo likhale kutali ndi khomo ndi njira yopita ana, ndipo munthu wamkuru aziliyang'anira. Nchito ya mpeni iri ya akuru. Ana apatsidwe kujambula nkhope ndi kucotsa nthanga. Zingwe zisapingase njira mumdima, ndipo ukonde wa thonje ucotsedwe m'mitengo phwando likatha, pakuti umakola mbalame.

Mwini nyumba wosamala zimenezi aopseza alendo ace kamphindi, naseka nao pamodzi, ndipo onse abwerera kwao amoyo ndi okondwa.