Mayeso a PMP, Masiku Atachepa

Pamene mnzanga wina, nkhawa zitamugwira, anandifunsa ngati n'kotheka kukonzekera mayeso a PMP m'milungu isanu ndi umodzi yokha, ndinamuyankha kuti, ngakhale akuluakulu amati kuthamanga sikufika, iye amene wakwanitsa kale maola 35 a maphunziro amene bungwe la Project Management Institute limafuna asadzitopetse ndi kuloweza buku la PMBOK ngati ndime za katekisimu. Pakuti m'makonzedwe a 2021, mafunso 180 amayankhidwa m'mphindi 230, ndipo ambiri safunsa tanthauzo la mawu, koma chimene mtsogoleri wanzeru angayambe kuchita ntchito ikasokonekera. Chotero ndinamulangiza kuyesa mafunso mamawa uliwonse, wotchi ili pambali, madzulo n'kubwerera kukasanthula pomwe anaphunthwa.