Kodi dziko litha liti?

Ananu, amene munakwerapo basi ya pakati pa Kitwe ndi Ndola mwina munamuona mlaliki ataima pakati pa mipando, Baibulo lili m'manja, thukuta lili kamukamu, akuchenjeza kuti masiku otsiriza afika. Mwana wina akamva zotere mtima umagunda, usiku tulo osabwera. Nanga sukulu n'kuvutikiranji ngati dziko litha mawa?

Funsoli silinayambe lero. M'chaka cha 1908, Elliot Kamwana, Mtonga wa ku Nkhata Bay ku Malawi, anayamba kulalikira kuti ulamuliro wa dziko lino udzatha mu 1914. Anthu oposa 9,000 anathamangira kukabatizidwa m'miyezi yochepa chabe. Tisawaseke msanga. Msonkho wa atsamunda unali utawalemera, ndiye uthenga woti mavuto atsala pang'ono kutha unawafika pamtima. Chaka cha 1914 chinabweradi ndi nkhondo yaikulu, koma dzuwa silinasiye kutuluka. Kamwana mwini wake anakhalabe ndi moyo mpaka 1956.

Ulaliki wamtunduwu unayenda ndi anthu ofuna ntchito mpaka unafika kumigodi ya kopa. Ogwira ntchito m'migodi ya Mufulira, Nkana ndi Luanshya atanyanyala ntchito mu 1935 chifukwa cha msonkho, boma la atsamunda linaloza chala alaliki amtunduwu, otchedwa a Kitawala, ngakhale kuti chimene chinkawawa anthu chinali cham'thumba.

M'makomboni omwewo munalinso Akhristu ena, Abemba, Atonga, Anyanja, Alozi, amene akaweruka ankasonkhana kupemphera osadikira mmishonale. Sanataye nthawi n'kuwerengera tsiku lomaliza. Anamanga matchalitchi ndi manja awo, n'kumaphunzitsana kuwerenga. Ku Mindolo, mu Kitwe, kunatsegulidwa malo ophunzitsira anthu a mipingo yosiyanasiyana mu 1958, ndipo pa 16 Januwale 1965 mpingo wa United Church of Zambia unabadwira komweko. Akanapinda manja, zonsezi zikanachokera kuti?

Akhristu amakhulupiriradi kuti Yesu adzabweranso. Koma tsegulani Mateyu 24:36. Pamenepo Yesu akunena kuti tsikulo ngakhale angelo salidziwa, alidziwa ndi Atate okha. Choncho munthu akakutchulirani deti, dziwani kuti akungopeka, kaya wavala suti yokongola bwanji.

Ku Tesalonika ena analeka ntchito n'kumangodya za anzawo. Paulo, amene ankasoka mahema kuti apeze chakudya, anawalembera kalata yowauza kuti abwerere kuntchito. Yeremiya naye analembera Ayuda amene anali akapolo ku Babulo kuti amange nyumba ndi kulima minda. Taganizani, kuuza munthu wolira kwawo kuti agwire khasu! Munthu sabzala mango ngati sakuyembekeza kuti kudzakhala wodya.

Mantha akakugwirani, musawabise. Uzani amayi, abambo kapena aphunzitsi a Sande sukulu, muwerenge nawo vesi lija. Kenaka malizani homuweki, mutsuke mbale, mukaone mnzanu amene akudwala.

Mufunsenso agogo kapena amalume za usiku wa pa 31 Disembala 1999. Anthu ambiri anachezera m'matchalitchi, ena akuopa kuti makompyuta onse aima ikangokwana 12 koloko. Akuuzeni kumene iwo anali usikuwo ndi zimene anachita kutacha.